Dansi ya ku Kingston Ili ndi Eni Ake

Ana anga, ambiri a inu munakula reggae ikulira m'nyumba, m'minibasi, pagolosale ngakhale pachigayo. Dzina la Bob Marley munalidziwa musanadziwe kumene kuli Jamaica. Evison Matafale ndi abale ake a ku Chileka anaitenga nyimboyi n'kuiveka Chichewa, moti ena a inu mumaiyesa yobadwira kwa Singano. Tsono masiku ano njira zatseguka. Wina akugwira ntchito m'sitima zapamadzi zonyamula alendo, zija zimakocheza pa Falmouth ndi Ocho Rios. Wina ndi namwino ku Birmingham, ndipo mnzake wa kuntchito wamuitanira ku ukwati kwawo ku Mandeville. Wina ndi woimba kapena DJ, akusunga pang'onopang'ono kuti tsiku lina akaponde Kingston. Ndikulankhula ndi inuyo, poti usiku wa pachilumbacho ndinauyenda, ndipo ndinaona alendo ena akulandiridwa ngati abale, ena akungopiriridwa kufikira atanyamuka. Chimene chinkawasiyanitsa sichinali ndalama kapena khungu. Oyambawo ankadziwa kuti dansi imene afikapo ili ndi eni ake.

Ndege zambiri za alendo zimatera ku Montego Bay, pa bwalo la Sangster. Basi imakutengani pomwepo n'kukakutulani mumpanda wa hotela, mmene zonse munalipiriratu: chakudya, zakumwa, gombe, ndi bandi imene usiku uliwonse imabwereza nyimbo za Marley zomwezomwezo. Oimba amenewo musawapeputse, ndi akatswiri ndipo akudyetsa ana awo. Koma amene wagona sabata mumpandamo n'kubwerera kwawo wamva nyimbo zosankhidwira iye mlendo, osati zimene eni dziko akuvina. Kwerani basi ya Knutsford Express, mudutse mapiri, mukafike ku Kingston kugombe la kumwera chakummawa. Ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposerapo pang'ono.

Kuti mumvetse zimene mukaone kumeneko, yambani mwadziwa kumene zinachokera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'ma 1950, anthu osauka a ku Kingston analibe wailesi kapena galamafoni, ndipo m'makalabu mmene munkaimba magulu a malipenga sakanalowamo. Amalonda ena anayamba kutulutsa masipika akuluakulu pakhomo kuti akope ogula. Tom Wong, amene ankadziwika kuti Tom the Great Sebastian, anali ndi sitolo ya zipangizo zomangira. Duke Reid anali wapolisi asanayambe kugulitsa mowa. Clement Dodd, wotchedwa Coxsone, anapita ku America kukagwira ntchito m'minda n'kubwerako ndi zimbale za rhythm and blues, ndipo ankapala dzina la nyimbo pachimbale kuti opikisana naye asadziwe chimene akuliza. Mulu wa masipika, mwini wake, ndi anyamata onyamula ndi kulumikiza mawaya, zonsezo pamodzi ndizo amazitcha sound system. Nyimbo zokoma za ku America zija zitayamba kusowa, eni masaundiwa anayamba kujambula anyamata a m'makomboni mwawo momwemo, ndipo ska inabadwa chomwecho. Dodd anatsegula Studio One pa Brentford Road mu 1963, ndipo kwa iyeyu n'kumene Marley, Peter Tosh ndi Bunny Wailer anayambira kumveka. Rocksteady inabwera cha mu 1966, reggae cha mu 1968.

Onani ndondomeko yake: dansi ya pamsewu ndiyo inayamba, chimbale chinabwera pambuyo. Kufikira lero nyimbo yatsopano imayesedwa kaye pabwalo usiku, pamaso pa anthu amene alibe chifukwa chokometsera woimba. Akaikana, yafera pomwepo. Choncho mukaima pakati pa gululo, dziwani kuti mwaima pakati pa oweruza. Mayi amene masana amagulitsa zilazi ku Coronation Market, usiku khutu lake ndilo limagamula nyimbo imene idzamveke ku London ndi ku Lilongwe chaka chamawa.

Musafike molawirira. Mlendo akafika 9 koloko amapeza anyamata akuyesa mawaya, msewu uli mbee, n'kubwerera kukagona akudandaula kuti anamunamiza. Eni ake amayamba agona, kenaka asamba, avala, afika pakati pa usiku patadutsa. Pamenepa pali mkangano wakalekale, chifukwa lamulo loletsa phokoso la mu 1997 limati masipika azimitsidwe 12 koloko usiku pakati pa sabata, ndi 2 koloko mbandakucha kumapeto kwa sabata. Nthawi zina dansi imati yangofika pachimake, apolisi atulukira. Zikatero musatsutse, musajambule, musadzisandutse loya wa anthu amene nkhondo imeneyi akhala akuimenya zaka zambiri inu kulibe. Tsatirani amene munabwera naye.

Pafupifupi usiku uliwonse wa pasabata uli ndi malo ake. Lolemba anthu amadziwa Uptown Mondays pa Savannah Plaza, mumsewu wa Constant Spring. Lachitatu kuli Weddy Weddy kulikulu la Stone Love pa Burlington Avenue, saundi imene Winston Powell wakhala akuiyendetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Lamulungu madzulo, pamwamba pa phiri la Jack's Hill, kuli Kingston Dub Club, kumene nyimbo zake ndi za roots ndi dub, magetsi a mzinda wonse akuthwanima pansi panu, ndipo kumeneko kumayamba msanga. Dera la Rae Town linatchuka ndi dansi ya Lamulungu ya nyimbo zakale, kumene agogo amavina atagwirana. Malo otere amasintha, ena amatsekedwa ena amasamuka, ndiye funsani mukafika. Safunsa anadya phula.

Ola loyamba likhale la maso ndi makutu. Mudzaona kuti anthu amayamba aima m'mbalimbali, pafupi ndi makoma ndi masipika, pakati n'kusiya bwalo. Musathamangire pabwalopo. Imani, mumve besi ikukugundani pachifuwa ndi m'mimba, poti masipika amenewa amawamanga kuti nyimbo imveke ndi thupi lonse. Amene akusankha nyimbo ndi selector, ndipo amene wagwira maikolofoni amalankhula ndi gulu, kutchula mayina a obwera, kulamula kavinidwe. Nyimbo ikafika pokoma, anthu akuwa, manja m'mwamba, selector n'kuidula pakati n'kuiyambanso. Alendo ambiri amakwiya poganiza kuti makina awonongeka, pamene kumeneko ndiko kuilemekeza nyimbo: yakoma moti siingathe osaibwereza. Mudzamvanso kamvekedwe kamodzi ka zoimbira kakupitirira mphindi khumi, oimba okha ndiwo akusinthana pamwamba pake. Imeneyo ndi riddim. Yotchuka kwambiri, ya Sleng Teng, inatuluka mu 1985 kwa King Jammy ku Waterhouse ndi mawu a Wayne Smith, ndipo gwero lake linali kakiyibodi kotchipa ka Casio. Nyimbo mazanamazana zaimbidwa pamwamba pake. Ku Waterhouse komweko n'kumene King Tubby, munthu wokonza mawailesi ndi maampulifaya, anayamba kuchotsa mawu m'nyimbo n'kusiya ng'oma ndi besi zikuchita mabingu, n'kubala dub. Ndimakonda kuwakumbutsa anyamata odandaula za kusowa zipangizo kuti zinthu ziwiri zimene zinasintha nyimbo za dziko lonse zinachokera m'tizipinda ta m'komboni imodzi.

Valani bwino. Kwa eni ake, kupita kudansi n'kutuluka pagulu: telala wasoka, tsitsi lakonzedwa masana onse, nsapato zapukutidwa. Mlendo wobwera ndi kabudula wa kunyanja ndi patapata amaoneka ngati akunena kuti malowa sayenera ulemu wake.

Tsopano za kuvina, ndipo apa ndichedwapo chifukwa mtima umandipweteka. Kavinidwe kalikonse kamene mukaone kali ndi dzina, ndipo kali ndi munthu amene anakayambitsa, wodziwika dzina ndi dera lake. Gerald Levy, amene dziko limamudziwa kuti Bogle, anayambitsa masitepe ambiri amene mpaka lero ali m'mavidiyo a oimba akuluakulu a ku America. Anaphedwa ndi mfuti mu January 2005. Usain Bolt atapambana ku Beijing mu 2008 anavina Gully Creeper dziko lonse likuona, koma mnyamata amene anayambitsa sitepe imeneyo, wotchedwa Ice, anaphedwa chakacho chisanathe. Ovina ambiri a ku Kingston amagona m'chipinda chimodzi cha malata, pamene mlendo amene anawajambula pafoni akukaphunzitsa masitepe omwewo ku Ulaya n'kumalandira ndalama, dzina la mwini wake osalitchula n'komwe. Kumeneko n'kuba, ngakhale kulibe khoti limene lingakuzengeni mlandu. Magulu ambiri a ovina amaphunzitsa masana pamtengo woikika. Pitani, mukalipire mtengo wonse osanenerera, mufunse dzina la sitepe iliyonse ndi la mwini wake, ndipo tsiku limene mudzaphunzitse ena kwathu, mudzatchule mayinawo.

Musaganize kuti mlendo amakanidwa. Mtsikana wa ku Japan, Junko Kudo, anapambana mpikisano wa Dancehall Queen ku Montego Bay mu 2002, ndipo saundi ya Mighty Crown ya ku Yokohama inagonjetsa masaundi a eni ake pa World Clash mu 1999. Anthu a ku Jamaica anawaombera m'manja chifukwa anaona zaka zimene anathera akuphunzira, akumva chilankhulo, akudziwa mbiri ya nyimbo iliyonse. Khomo n'lotsegula kwa wophunzira.

Anyamata inu, tcherani khutu. Mudzaona akazi akuvina modula chiuno kuposa mmene munaonerapo, ena mutu pansi miyendo m'mwamba, kuwala kwa kamera kuli pa iwo. Mkazi ameneyo sakukuitanani. Akupikisana ndi anzake, akuonetsa luso limene walikonzekera, ndipo mlongo wake, mwamuna wake ndi anthu a mumsewu wake ali pomwepo akuona. Kumugwira osaloledwa ndiko kudziitanira tsoka, ndipo ngakhale pakanapanda wokubwezerani, kukanakhalabe kulakwa. Akafuna kuvina nanu mudzadziwa, ndipo nyimbo ikatha zatha, sanakulonjezeni kanthu. Atsikana inu, muli ndi ufulu wokana. Kupukusa mutu ndi kusuntha phazi n'chilankhulo chimene aliyense kumeneko amamva. Imani pafupi ndi akazi a pabanja limene lakulandirani, ndipo chakumwa chanu chisachoke m'manja mwanu.

Sindikuuzani kuti zonse ndinazikonda. Pali nyimbo zotamanda mfuti ndi kubera anthu pafoni, pali zina zonyoza akazi, ndipo pali kavinidwe kena kogundana mwankhanza, kotchedwa daggering, kamene sindinathe kukayang'ana nthawi yaitali. Koma dziwani kuti eni ake amakangana okha pa zimenezi, mwaukali kuposa mmene mlendo angachitire. Bungwe loyang'anira mawailesi kumeneko linaletsa nyimbo za daggering mu 2009, ndipo mu 2022 linaletsanso zotamanda mfuti, mankhwala ozunguza bongo ndi utambwali. Mbali inayi, Pulofesa Carolyn Cooper wa pa University of the West Indies ku Mona wathera zaka zambiri akulemba kuti dancehall ndi mawu a anthu amene dziko linawakankhira kumbali, ndipo kuti bwalo la dansi ndi limodzi mwa malo ochepa kumene mkazi wosauka amakhala mfumukazi. Mverani mbali zonse ziwiri. Chiweruzo chanu khalani nacho, koma musachigwetse patebulo la amene wakupatsani mpando usiku woyamba.

Madansi ambiri a pamsewu salipiritsa pakhomo, ndipo alendo ena amasangalala kuti apeza zaulere. Palibe chaulere pamenepo. Wokonza dansi walipira saundi ndi chilolezo, ndipo ndalama yake imabwerera kudzera pa bala. Kuzungulira bwalolo pali msika wathunthu: mayi wa mphika wa supu wa chimanga kapena wa mapazi a nkhuku, bambo wowotcha nkhuku m'mgolo wodula pakati, mnyamata wa mtedza, wa nzimbe zosendasenda, woyang'anira magalimoto. Fizi ya ana ambiri imachokera pa usiku umenewo. Gulani. Muguleniko chakumwa amene wakuperekezani. Ngati simumwa mowa, gulani madzi kapena supu, ndipo supuyo mudzamuyamika 3 koloko ikakwana. Pa za mowa ndinene chimodzi: ramu yoyera ya Wray & Nephew ili ndi mphamvu ya 63 peresenti, pamene mowa waukali wa m'mabotolo umene munazolowera umakhala cha pa 40. Imatsika mosavuta akaisakaniza ndi zotsekemera, ndipo ndinaona anyamata amphamvu akunyamulidwa ngati matumba. Munthu woledzera m'dera limene sakulidziwa wapereka moyo wake m'manja mwa aliyense wodutsa.

Za chitetezo sindikubisirani. Jamaica ili ndi anthu pafupifupi 2.8 miliyoni, koma kwa zaka zambiri ophedwa ankapitirira 1,000 pachaka. Muzu wake uli m'ndale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, madera ena a ku Kingston anasanduka malinga a zipani ziwiri, JLP ya mtundu wobiriwira ndi PNP ya mtundu wa olenji, ndipo anyamata anapatsidwa mfuti. Marley yemwe anawomberedwa kunyumba kwake pa 56 Hope Road mu December 1976, ndipo mu April 1978 anagwiranitsa manja a atsogoleri a zipani ziwirizo, Michael Manley ndi Edward Seaga, pamaso pa khamu, koma pachisankho cha 1980 anthu oposa 800 anafabe. Dansi ya Passa Passa ku Tivoli Gardens inkasonkhanitsa olemera, osauka ndi alendo ochokera kutali mumsewu umodzi mpaka dzuwa kutuluka, kufikira mu May 2010 pamene asilikali ndi apolisi analowa m'deralo kufunafuna mkulu wa zigawenga za kumeneko, Christopher Coke, anthu oposa 70 n'kufa. Ndikunena izi kuti mudziwe nthaka imene mukupondapo, osati kuti muope kupita. Padansi penipeni nthawi zambiri pamakhala mtendere, chifukwa dera lonse limateteza usiku umene limadyerapo. Choopsa chili m'misewu iwiri kuseri kwake.

Choncho lowani ndi munthu wodziwika m'deralo, ndipo mumvetse chimene wakuchitirani. Wakubwerekani dzina lake. Mukachita chipongwe, inu mukwera ndege, iye atsala akuyankha. Akakuuzani kuti tiyeni tizipita, nyamukani osafunsa chifukwa, ngakhale nyimbo itakoma bwanji, poti iye waona chimene inu simungaone. Musanajambule munthu, pemphani, chifukwa alipo amene ali ndi zifukwa zawo zosafunira kuoneka pa intaneti. Takisi yovomerezeka ili ndi nambala yofiira. Pezani dalaivala mmodzi wodalirika kudzera mwa amene akukusungani, musunge nambala yake ya foni, mugwirizane mtengo ndi nthawi musananyamuke. Nyengo ya chisankho, zovala zobiriwira kapena za olenji zisiyeni m'chikwama.

Mukanena kuti mwachokera ku Africa, nkhope zambiri zidzawala. Ichi n'chilumba cha Marcus Garvey, wobadwira ku St Ann's Bay mu 1887. Pa 21 April 1966, Haile Selassie atatera ku Kingston, khamu linadzaza bwalo la ndege moti anachedwa kutsika. Marley anadzilipirira yekha ulendo wokaimba pa Rufaro Stadium pamene Zimbabwe inkalandira ufulu mu April 1980. Mukawauza kuti ku Blantyre kuli msewu wa Haile Selassie, ndipo kuti pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View pokumbukira ulendo wake wa kuno ku Malawi, adzakukhazikani pansi kuti munene zambiri. Chikondi chimenechi n'cholemera, musachidyerere. Musadzitche mwana wa mfumu, musalonjeze munthu malo olima kwanu kuti akugulireni mowa. Amene akukufunsani za Africa makolo ake anachotsedwa kuno ndi unyolo, ndipo funso lake n'lochokera pansi pa mtima. Muuzeni zoona, zokoma ndi zowawa zomwe: nyanja yathu, nsima yathu, ngongole zathu, achinyamata athu amene akuthawira ku Joni.

Dziwaninso kuti si onse a ku Jamaica amene ndi Marasta. Pakalembera wa 2011 anali pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, ndipo ochuluka ndi Akhristu a mipingo ngati Church of God, Adventist ndi Pentekoste, opemphera molimba. Marasta enieniwo chikhulupiriro chawo anachilipira ndi magazi. Mu April 1963, pambuyo pa chipolowe cha ku Coral Gardens, ambiri anagwidwa, kumenyedwa ndi kumetedwa mokakamiza, ndipo boma linapepesa mu 2017. Mnyamata wobwera ndi chipewa cha mitundu itatu, akuyerekeza kalankhulidwe kamene anamva m'nyimbo, amawatopetsa. Patwa ndi chilankhulo chathunthu, chimene mayi Louise Bennett-Coverley anathera moyo wawo akuchimenyera ulemu. Lankhulani Chingerezi chanu cha kwanu mosachita manyazi, ndipo pamene simunamve nenani kuti simunamve.

Za chamba, poti ndikudziwa kuti ena mwadikira pamenepa. Kuyambira mu 2015, munthu wopezeka ndi chamba chosapitirira ma ounce awiri, pafupifupi magalamu 56, samangidwa, amangolipitsidwa chindapusa cha madola 500 a ku Jamaica. Zimenezi sizikutanthauza kuti mungasute paliponse, ndipo kutuluka nacho m'dzikomo ndi mlandu waukulu, kumeneko ndi kulikonse kumene ndege yanu ikatere. Musanyamulire munthu phukusi, ngakhale akhale mnzanu wa dansi amene mwakondana naye ngati m'bale. Kwathu kuno lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha, osati chosuta.

Pali usiku wina pachilumbachi umene suli pa mapositala, ndipo mukaitanidwako mwalemekezedwa koposa. Marasta ali ndi mapemphero a Nyabinghi, a ng'oma zitatu, yaikulu, funde ndi akete, amene amatha kufika m'mawa moto ukuyaka. Kumeneko kulibe mowa kapena nyama, ndipo akazi amafunda kumutu n'kuvala zazitali. Kummawa kwa chilumba, m'boma la St Thomas, kuli Kumina. Ukapolo utatha kotheratu mu 1838, anthu ena ochokera ku Kongo anabweretsedwa kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe pakati pa zaka za m'ma 1840 ndi 1860, ndipo zidzukulu zawo zinasunga ng'oma, nyimbo zokhala ndi mawu a Chikongo, ndi mwambo woitana mizimu ya makolo. Woimba ng'oma amaikhalira pamwamba itagona pansi, n'kumasintha liwu lake ndi chidendene. Ovina amayenda mozungulira, mapazi akukhwekhwereza pansi, chiuno chikugwira ntchito, kufikira wina atagwidwa. Khutu la mwana wa kuno silifuna womasulira pamenepo. Ine misozi inalengeza, poganiza kuti anthu anawoloka nyanja yonse ija opanda kanthu m'manja, koma ichi anafika nacho ndipo sanachitaye. Foni ikhale m'thumba. Musalowe m'bwalo musanakodoledwe, ndipo musayerekeze kugwidwa ndi mzimu kuti musangalatse anthu.

Chimodzimodzi mwambo wa maliro umene amautcha nine night. Munthu akamwalira, abale ndi anansi amasonkhana usiku pakhomo pake, kuimba nyimbo za mpingo, kusewera madomino, kumwa khofi ndi ramu, kudya nsomba yokazinga ndi buledi, ndipo masiku ano kawirikawiri pamakhalanso bandi kapena saundi. Chitani monga mumachitira pasiwa kwathu: pitani kaye kwa ofedwa mukapepese, ponyani chipepeso chanu m'mbale, khalani pansi ndi anthu, kuvina kubwere pambuyo. Kuona anthu akuvina pamaliro kusakupusitseni kuti palibe wolira.

Inu oimba, masana musamangogona. Pitani ku Trench Town Culture Yard mukaone tizipinda timene Marley ankagonamo asanatchuke. Yendani pa Orange Street, msewu umene unali wodzaza ndi masitolo a zimbale. Koposa zonse funsani za Alpha, sukulu ya pa South Camp Road imene masisitere a Sisters of Mercy ankalereramo ana amasiye ndi ovuta. Sisitere Mary Ignatius Davies anathera moyo wawo pamenepo, akulimbikitsa anyamata kuphunzira malipenga ndi kuwerenga manotsi, ndipo iwo eni anali ndi mulu wa zimbale zimene ankawalizira anawo. M'manja mwawo munadutsa Don Drummond ndi Tommy McCook a gulu la Skatalites, komanso Rico Rodriguez. Phokoso lokoma limene mumalimva usiku linaphikidwa ndi ana odzuka m'mamawa kubwereza sikelo imodzi mpaka milomo kutupa. Mwezi wabwino wopita ndi February, umene boma linaupatula mu 2008 kukhala mwezi wa reggae, pamene zoimbaimba ndi misonkhano zimachuluka mumzinda.

Tsiku lina wina adzakufunsani kuti nyimbo za kwanu zimamveka bwanji. Funso limeneli limabwera ndithu, pabala, m'takisi kapena mu situdiyo. Mukamuyatsira nyimbo yanu yotsanzira Kingston, kalankhulidwe ndi zonse, adzagwedeza mutu mwaulemu n'kusintha nkhani, chifukwa zoterozo ali nazo zambiri zoposa zanu. Muyatsireni banjo ya Allan Namoko, gitala ya Daniel Kachamba, ng'oma za manganje, beni, tchopa kapena vimbuza, muone mmene akhalire tsonga. Reggae inalowa m'kaundula wa UNESCO wa chikhalidwe cha anthu mu 2018, ndipo inapeza vimbuza, Gule Wamkulu ndi tchopa zili kale mmenemo. Simukupita chimanjamanja, pokhapokha mutasankha kusiya katundu wanu kumudzi. Musanagule tikiti, dzazani foni yanu ndi nyimbo zimenezi, mudziwe kuti ikuimbidwa ndi anthu ati, pa mwambo wanji, ndipo gule mmodzi yekha wa kwanu mumudziwe ndi miyendo yanu, kuti akakuphunzitsani sitepe yawo nanunso mukhale ndi chowabwezera.

Zikakuyenderani mpaka kufika pojambula nyimbo ndi katswiri wa kumeneko, chisangalalo chisakutsekeni maso. Onerani kaye filimu ya The Harder They Come ya mu 1972, mmene Jimmy Cliff akusewera ngati mnyamata wa kumudzi amene nyimbo yake ikugulidwa ndi ndalama yochepetsetsa. Oimba ambiri a m'badwo umenewo analipidwa kamodzi kokha patsiku lojambula, n'kukalamba ali osauka nyimbo zawo zikugulitsidwa dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake a lero sachita manyazi kukamba za ndalama poyera. Inunso musachite manyazi. Funsani kuti riddim ndi ya yani, mawu ndi a yani, adzaike nyimboyo pa intaneti ndani, ndipo ndalama zikabwera zidzagawidwa motani. Ngati mukulipira woimba wotchuka kuti aikemo mawu ake, lankhulani ndi iye mwini kapena manijala wake weniweni, poti alipo ambiri apakati amene amalandira ndalama n'kuzimitsa foni. Zonse zilembedwe papepala, musaine nonse musanalowe mu situdiyo, ndipo aliyense asunge lake.